Ma app olondoloza maganizo a ana kusukulu: kwenikweni amayeza chani, nanga amathandizadi?

Nkhani yoti sukulu zayamba kugwiritsa ntchito matabuleti, ma app ndi ma dashboard (sikirini yoonetsa zotsatira zonse pamodzi) pa za thanzi la m'maganizo la ana yasokoneza anthu ambiri. Ena akuti ndi ukazitape basi, ena akuti ayi ndi thandizo lomwe linachedwa kale, ena mpaka akuganiza kuti foni ndi imene izilengeza kuti mwana wanu wadwala. Chikuchitika nchakuti pansi pa mutu umodzi pabisala zinthu zitatu zosiyana, nde anthu akamakangana aliyense amakhala akunena chake osadziwa. Pali kupima ana onse kamodzi kuti muone amene angafunike thandizo. Pali kulondoloza mwana amene wayamba kale kuthandizidwa kuti muone ngati zikusintha. Ndiye pali mapulogalamu ongoyang'anira chilichonse chomwe mwana akulemba pa kompyuta ya sukulu. Nkhani yathu yagona kwambiri pa chachiwiricho, koma enawo tiwakhudzanso chifukwa ndi amene amabweretsa chisokonezo.

Bwanji kusukulu?

Bungwe la WHO limati mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi amakhala ndi vuto la m'maganizo, monga nkhawa yopitirira muyezo, kukhumudwa kwanthawi yaitali kapena vuto la khalidwe, ndipo pafupifupi theka la mavuto otere amayamba munthu asanapitirire zaka 14. Zaka zimenezi mwana amakhala kuti tsiku lonse? Kusukulu. Nchifukwa chake maiko ena anaganiza zopititsa thandizo komweko m'malo modikira kuti mwana akafike yekha kuchipatala. Ku England boma linatulutsa ndondomeko mu 2017 yomwe inabala magulu a alangizi oyendera sukulu otchedwa Mental Health Support Teams. Ku America sukulu zambiri zimagawa thandizo pamasitepe atatu: la ana onse, la kagulu kochepa komwe kayamba kuonetsa zizindikiro, ndi la mwana mmodzimmodzi amene zamuvuta kwambiri. Kuti mudziwe kuti mwana akwere sitepe kapena atsike, mukufunika china chake chokuuzani mmene zikuyendera, nde apa mpamene kuyeza kumalowera.

Kupima kamodzi ndi kulondoloza nzosiyana

Ganizirani khadi la ku sikelo ya ana. Kumuika mwana pasikelo tsiku limodzi kumakuuzani makilo ake a tsiku limenelo basi. Koma chimene namwino amayang'ana kwenikweni ndi mzere uja wa madontho a miyezi ingapo, ukukwera, waima, kapena wayamba kutsika? Mwana wa makilo ochepa koma mzere ukukwera ali bwino kuposa wonenepa amene mzere wake wagwa miyezi itatu yotsatizana.

Kupima kamodzi, komwe akatswiri amati screening, ndi kwa tsiku limodzi kuja. Kalasi yonse kapena sukulu yonse imayankha mafunso, mwina kamodzi kapena kawiri pachaka. Kulondoloza ndi mzere uja: mwana yemweyo, mafunso omwewo, sabata ndi sabata kapena nthawi iliyonse akakumana ndi mlangizi, kuyambira tsiku loyamba mpaka atamaliza. Ndipo zonse ziwirizi sizinena kuti mwana ali ndi matenda akuti. Zimenezo amanena ndi munthu wophunzira ntchitoyo atakhala naye pansi mwanayo nkucheza naye, nambala imangokodola kuti taonani apa.

Mafunso ake ndi otani

Chinthu chimene anthu ambiri sadziwa nchakuti mtima wa ma app amenewa si kompyuta ayi, ndi mafomu a mafunso omwe analipo kale papepala.

Lotchuka kwambiri kwa ana ndi SDQ, lomwe analemba ndi Robert Goodman, dokotala wa maganizo a ana wa ku Britain, mu 1997. Lili ndi mafunso 25 m'magulu asanu: zakukhosi monga mantha ndi kudandaula, khalidwe, kusakhazikika, ubale ndi anzake, ndi kukoma mtima kwa mwanayo pothandiza ena. Limayankhidwa ndi kholo, mphunzitsi, kapena mwana yekha ngati wafika zaka 11. Magulu anayi a mavuto aja akawonkhetsedwa amapereka nambala yoyambira 0 mpaka 40, ndipo apa nambala ikakwera ndiye kuti vuto lakula, ikatsika ndiye kuti zikusintha. Koma onani apa, SDQ yanthawi zonse imafunsa za miyezi 6 yapitayo, nde siyoyenera kumufunsa mwana sabata iliyonse, olo app itamalola kutero.

Pa kukhumudwa pali PHQ-9 ya mu 2001, ya Kroenke, Spitzer ndi Williams, yomwe ilinso ndi mtundu wake wa achinyamata. Mafunso 9, onse akufunsa za masabata awiri apitawa, tulo, chilakolako cha chakudya, kutopa, kudziona wachabechabe ndi zina. Yankho lililonse limapatsidwa 0, 1, 2 kapena 3, zonse pamodzi zimafika 27, ndipo malire osonyeza kukula kwa vutolo ali pa 5, 10, 15 ndi 20. Funso lomaliza ndi lolemera, limafunsa ngati munthu wakhala akuganiza kuti bola kufa kapena zodzivulaza. Likumbukireni funso limeneli, tibwereranso. Mnzake wa nkhawa ndi GAD-7 ya mu 2006, mafunso 7, kufika 21.

Pali njira inanso yomwe ine ndimaiona kuti imamulemekeza mwana kwambiri, ngakhale ili ndi zofooka zake. Ku Britain amaitcha Goal-Based Outcomes. Mwana amasankha yekha chomwe akufuna chisinthe, tinene kuti "ndizitha kuyankha m'kalasi osanjenjemera", kenako akakumana ndi mlangizi amanena kuti lero ali pati pakati pa 0 ndi 10. Kufooka kwake nkwakuti simungayerekeze 6 wa mwana uyu ndi 6 wa mwana uja. Ndiye kwa ana a vuto la khalidwe sukulu za ku America zimakonda Check-In/Check-Out: m'mawa mwana amakaonekera kwa wamkulu mmodzi amene amagwirizana naye, mphunzitsi aliyense amamupatsa 0, 1 kapena 2 ikatha piriyodi, masana amakaonetsa mapointi, nthawi zambiri cholinga chimakhala kufika 80 pa 100. Kale linali khadi lapepala, pano zimalowetsedwa mu kompyuta.

Zinayamba bwanji zoti tiziyeza

Mwina mukuti, mlangizi wodziwa ntchito yake saona yekha ngati mwana akupeza bwino? Funso limeneli ndi limene linayambitsa zonsezi. Michael Lambert wa ku Brigham Young University ku America ndi anzake anapanga fomu ya mafunso 45 yotchedwa OQ-45 yomwe anthu akuluakulu ankayankha asanalowe kokaonana ndi mlangizi. Mu kafukufuku wina yemwe anatuluka mu 2005, alangizi anafunsidwa kuti alosere kuti mwa anthu 550 omwe ankawathandiza ndi ati amene zinthu ziwaipire m'malo mosintha. Analoza anthu atatu okha. Pomaliza amene zinawaipiradi anali 40, ndipo mwa atatu analozedwa aja mmodzi yekha ndi amene anali m'gulu la 40 lija. Sikuti alangiziwo anali mbuli ayi, koma munthu ukamathandiza mnzako umafunitsitsa kuti achire, nde maso amaona zomwe mtima ukufuna, komanso wothandizidwayo amatha kumwetulira pofuna kukusangalatsa.

Gulu la Lambert linapanga zoti kompyuta iziyerekeza mzere wa munthu ndi mmene anthu ena oyamba ndi vuto lofanana amayendera, nkuonetsa mtundu, wobiriwira ngati zili bwino, wachikasu kapena wofiira ngati munthu wapatuka panjira. Mawu oti measurement-based care anafala cha mu 2006 kudzera mu kafukufuku wamkulu wa kukhumudwa wotchedwa STAR*D, wa anthu akuluakulu pafupifupi 4,000. Ku Britain bungwe la CORC linayamba mu 2002 kusonkhanitsa zotsatira za thandizo la ana kuchokera m'malo osiyanasiyana.

Nanga kwa ana umboni ukuti chani? Apa mpofunika kufatsa. Mu 2011 Leonard Bickman ndi anzake anapeza kuti achinyamata a zaka 11 mpaka 18 omwe alangizi awo ankalandira lipoti sabata iliyonse ankapeza bwino msanga kuposa omwe alangizi awo ankalilandira pakatha masiku 90. Koma mu 2018 a Cochrane, omwe ntchito yawo ndi kusanthula kafukufuku yense pamodzi, anaona kafukufuku wa ana ndi achinyamata nkunena kuti umboni ndi wochepa moti sungagamule kuti njirayi imathandiza kapena ayi. Komanso zambiri zomwe zinayesedwa zinachitikira m'zipatala ndi m'makomo, osati m'sukulu. Nde amene akukuuzani kuti sayansi inatsimikiza kale akuwonjeza, amene akuti zilibe ntchito nayenso akuwonjeza.

Kompyuta ikuwonjezerapo chani

Ngati mafunso analipo kale papepala, app ikubwera kudzatani? Kwenikweni imachotsa ntchito yotopetsa. Fomu yapepala imafuna munthu awonkhetse, alembe, asunge mufailo, ndipo nthawi zambiri imakathera mu kabati osaonedwanso. Pa tabuleti mwana akangomaliza nambala yatuluka, mzere wajambulika, mlangizi akutha kumutembenuzira sikirini nkumufunsa kuti, apa sabata yatha zinakwera, chinachitika nchani? Imakumbutsa ikafika nthawi yoyankhanso, imaika pamodzi mayankho a mwana, kholo ndi aphunzitsi, ndipo ena amailumikiza ndi kaundula wa kujomba ndi malikisi. Achinyamata ena amamasukanso kudina yankho pa sikirini kusiyana ndi kulitchula pamaso pa wamkulu.

Phindu lina lili pa sukulu yonse. Manambala a ana ambiri akaphatikizidwa, mayina atachotsedwa, ahedi ndi a boma amatha kuona ngati pulogalamu yomwe akulipira ikugwira ntchito. Izi si zachibwana chifukwa zinthu zomveka bwino pakamwa zimatha kulephera. Kafukufuku wa MYRIAD ku Britain, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anayesa maphunziro okhazika mtima pansi otchedwa mindfulness pa ana opitirira 8,000 m'sukulu zoposa 80, nkupeza kuti sanapose maphunziro omwe ankaperekedwa kale. Popanda kuyeza aliyense akanangopitiriza kuwayamikira.

Koma app siichiritsa. Ngati chofiira chayaka koma palibe amene watsegula dashboard, kapena watsegula koma alibe nthawi, kapena alibe kotumiza mwanayo, palibe chasintha. Nde funso lomaliza la PHQ-9 lija. Tiyerekeze mwana wayankha pafoni yake Lachisanu usiku kuti wakhala akuganiza zodzipha, iye akudziwa kuti wauza sukulu, koma mlangizi adzaona Lolemba. Masiku awiri amenewo mwana akuona ngati ananena koma palibe anasamala. Nchifukwa chake malo ena amalola funso limeneli kuyankhidwa pokhapokha wamkulu ali pafupi, ena amaika nambala yoimbira mwadzidzidzi pa sikirini pomwepo, ena amangolichotsa, zomwenso ena amati nkuthawa udindo.

Nambala imanamiza ukaiwerenga mothamanga

Mzere ukatsika sikuti basi thandizo lagwira. Choyamba, maganizo amasinthasintha okha, mwana amene wagona bwino kapena wangomaliza mayeso ayankha mosiyana ndi dzulo. Mu 1991 akatswiri awiri, Jacobson ndi Truax, anapereka njira yowerengera kuti kusintha kukhale kwakukulu bwanji kuti tinene kuti nkoona osati phokoso chabe. Pa PHQ-9 ambiri amatenga mapointi 5. Kuchoka pa 14 kufika pa 12 si nkhani yoimbira nthungululu.

Chachiwiri ndi chobisika kwambiri. Mwana amatumizidwa kwa mlangizi nthawi imene zafika poipitsitsa, nde olo pasachitike chilichonse, kawirikawiri ulendo wotsatira nambala imakhala yatsikako yokha. Sukulu imene ikuonetsa kuti ana ambiri anasintha atathandizidwa ikhoza kukhala ikunena zoona, koma gawo lina la kusinthako likanabwera ndithu. Onjezani apo kuti ana amene zikuwaipira ndi amene amasiya kubwera nkusiya kuyankha, otsala mu dashboard ndi amene zikuwayendera, chithunzi chimaoneka chokongola kuposa mmene zilili.

Chachitatu, mwana, kholo ndi mphunzitsi sagwirizana kawirikawiri. Thomas Achenbach ndi anzake anaonetsa izi kale mu 1987. Sikuti wina akunama, mwana amakhala wina kunyumba wina m'kalasi, ndipo mphunzitsi amaona msanga wosokoneza kuposa wachete amene akuvutika mkati. App imene imangophatikiza mayankho atatuwa kukhala nambala imodzi imataya chinthu chofunika, chifukwa kusiyanako pakokha ndi uthenga.

Pa kupima ana onse pali masamu ena oti muwaone. Tiyerekeze sukulu ya ana 1,000, mwa iwo 50 ali ndi vuto lenileni, ndipo fomu yathu imalondola ka 88 pa 100 mbali zonse, mmene PHQ-9 inachitira pa akuluakulu itangotuluka. Igwira 44 mwa 50 aja, 6 iwaphonya. Koma mwa 950 opanda vuto ilozanso 114 molakwika. Ndiye mlangizi ali ndi mayina 158 patebulo ndipo ambiri mwa iwo ali bwinobwino, koma aliyense akufunika kumuona kuti adziwe. Ngati mlangiziyo ndi mmodzi sukulu yonse, mwaona pomwe pali vuto.

Pomaliza pali chilankhulo. Mafomu ambiri analembedwa m'Chingerezi nkuyesedwa pa ana a ku America ndi ku Ulaya, malire a manambala aja anachokera kumeneko. Anthu amafotokoza kuvutika mumtima mosiyana, ena amayamba ndi mutu, m'mimba kapena kuganiza kwambiri. Ku Zimbabwe akatswiri anachita kupanga fomu yawoyawo ya mafunso 14, Shona Symptom Questionnaire, kuchokera pa mmene anthu akumeneko amanenera okha. Kumasulira fomu nkuiika mu app nkosavuta, kuyesa ngati ikuyezadi chomwecho kwa ana ena ndi ntchito ya zaka.

Za ukazitape zija

Tsopano chachitatu chija. Makampani ngati Gaggle, GoGuardian, Securly ndi Lightspeed amagulitsa mapulogalamu omwe amasanthula zomwe mwana akulemba, kufufuza kapena kutumiza pa laputopu ndi akaunti ya sukulu, akapeza mawu okhudza kudzipha, kudzivulaza kapena chiwawa amatumiza chenjezo kwa akuluakulu a sukulu, nthawi zina usiku zimakafika mpaka kupolisi. Anafala kwambiri ku America nthawi ya COVID-19 ana akuphunzirira kunyumba. Kusiyana kwake ndi kulondoloza kuja nkwakukulu: uku mwana akufunsidwa ndipo akudziwa amene aone yankho, uko sakufunsidwa kanthu, akungoonedwa. Owakonda amati apulumutsapo miyoyo ndipo pali aphunzitsi amene amachitira umboni. Otsutsa, monga bungwe la Center for Democracy and Technology, amati amaloza molakwika kwambiri, amaulula zinsinsi za ana kwa anthu osayenera, ndipo amagwera kwambiri ana osauka omwe alibe kompyuta ina koma ya sukuluyo. Kafukufuku woima payekha wotsimikiza kuti amachepetsa kudzipha ndi wochepa kwambiri.

Deta ya mwana ikupita kuti

Olo titasiya zaukazitape, kulondoloza kwabwinobwino nakonso kumasiya mbiri. Pepala likasowa limasowa limodzi, kompyuta ikathyoledwa zimapita zonse. Mu 2022 mbava za pa intaneti zinalowa mu makompyuta a sukulu za boma ku Los Angeles, ndipo pambuyo pake akuluakulu anavomera kuti malipoti a ana pafupifupi 2,000, ena okhudza za maganizo, anaikidwa poyera. Ku Finland mu 2020 kunaululika kuti zolemba za anthu pafupifupi 33,000 a kampani ya uphungu ya Vastaamo zabedwa, wakubayo nkumalembera odwala mmodzimmodzi kuti alipire apo ayi aulula. Iyi sinali sukulu koma ikuonetsa kulemera kwa zolemba zotere.

Malamulo alipo koma amasiyana dziko ndi dziko. Ku Ulaya ndondomeko yoteteza deta ya anthu yotchedwa GDPR, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2018, imaika nkhani za thanzi m'gulu lotetezedwa mwapadera. Ku America lamulo la FERPA la mu 1974 limapatsa makolo ufulu woona zolemba za sukulu za mwana wawo mpaka atakwana zaka 18, zomwe nzabwino mbali ina, koma taganizani mwana amene vuto lake lili kunyumba komweko. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989 limati mwana ali ndi ufulu womvedwa komanso wosungiridwa chinsinsi, ndipo mu 2021 komiti yake inafotokoza kuti ufuluwu umagwiranso pa intaneti. Chimene alangizi ambiri amachita ndi kumuuza mwana poyambirira penipeni kuti zomwe ukuyankha tizisunga, kupatula ngati moyo wako kapena wa wina uli pangozi. Mwana akangokayikira kuti aphunzitsi onse aziona, amayamba kudina ziro ziro ziro, nde dashboard yonse imabiriwira pomwe zinthu sizili bwino.

Zomwe sizinayankhidwe

Mafunso angapo akadali pamtunda ndipo akatswiri eni ake sanamvane. Kodi kumufunsa mwana pafupipafupi za nkhawa ndi chisoni kumamuthandiza kudzimvetsa, kapena kumamuphunzitsa kuona kukhumudwa kwa masiku onse ngati matenda? Lucy Foulkes, wofufuza wa ku yunivesite ya Oxford, ndi mmodzi mwa amene anadzutsa funso limeneli mu 2023, ndipo analipereka ngati ganizo lofunika kuyesedwa, osati chinthu chotsimikizika. Pa za kudzipha pokha kafukufuku amasonyeza kuti kufunsa sikumuika munthu maganizowo, koma za kufunsa zina zonsezi sabata ndi sabata kwa zaka, yankho silinapezeke.

Ndani ayenera kuvomereza, kholo kapena mwana, ndipo kuyambira zaka zingati? Mwana akasamukira sukulu ina mbiri yake imutsate kuti asayambirenso, kapena ifufutidwe kuti asakafike atamatidwa kale dzina? Kampani ikagwa kapena ikagulidwa ndi ina, deta ija imakhala ya ndani? Boma likayamba kupereka ndalama potengera manambala amenewa, sukulu sizidzayamba kusankha ana osavuta kuti mzere uzioneka bwino? Palinso za AI, nzeru zopangidwa za pa kompyuta, yomwe ena akuti izilosera mwana amene adzavutike asanavutike, potengera kujomba, malikisi ngakhale kalembedwe, koma ikalosera molakwika amene adzayankhe mlandu ndani, ndipo mphunzitsi akauzidwa kuti mwana uyu ali pachiopsezo adzamuonabe chimodzimodzi?

Ndiye pali la ndalama, lomwe limavuta kwambiri kumene alangizi ndi ochepa ndipo magetsi ndi netiweki nzosadalirika. Ena akuti kumeneko nkumene kuyeza kukufunika koposa, chifukwa mphunzitsi wophunzitsidwa pang'ono akufunika chomuuza kuti mwana uyu mutumizeni kwa dokotala. Ena akuti ndalama ya matabuleti ndi laisensi ya chaka ndi chaka ikanalemba munthu wina ntchito yokhala pansi ndi ana. Palibe kafukufuku amene wagamula kuti pa ziwirizi ndalama yomweyo imapindula kwambiri pati.